Mphalapala Sizidikira Tsiku la Mtanda

Msasa wa odula mitengo, ku Vaga
15 Ogasiti 1976

Atamandike Yesu Khristu.

Paraska mkazi wanga, landira moni, umupatsenso mwana wathu Vasilina. Ine ndili bwino, kungoti udzudzu wa kuno sudziwa Lamulungu. Mlongo wako Ilko alinso bwino, akudya chakudya cha anthu awiri ndipo akugona ngati chipika. Umuuze mkazi wake Yustina apukute misozi, mwamuna wake sanapite kunkhondo.

Zimene unandilumbiritsa pa siteshoni sindinaiwale. Unati mlongo wako ndi mmodzi yekhayo, khutu lake lamanzere silimva, ali ndi ana anayi, ndipo popeza ndamutenga wathunthu ndikamubweze wathunthu. Ndinavomera anthu akumva. Ndiye usamabwereze m'kalata iliyonse ngati ukulembera mwana. Kapitawo wa gulu lathu ndine, ndipo ndamupatsa ntchito yopanda ngozi kuposa zonse. Ife timapita patsogolo ndi Yurko wa sowo ya injini kugwetsa mitengo, Ilko ndi mnzake Stefan amatsalira kumbuyo kusadza nthambi ndi nkhwangwa. Kumeneko palibe mtengo umene ungamugwere.

Nkhani yabwino ndi iyi. Ku ofesi atipatsa gawo la kudambo kuyambira pa 1 Seputembala. Paraska, mitengo ya paini ya kumeneko anthu awiri sangakumanitse manja. Tikalimaliza m'masabata atatu, nyumba yathu ivala malata chisanu chisanagwe. Koma anthu a kuno sizinawakomere. Amatitcha akhwangwala a kumapiri, ati timangotera pamene pali zonona.

Lachinayi kunabwera mlonda wa nkhalango, mkulu wina dzina lake Zosima, wa ndevu zachikasu ndi fodya. Anakhala pa chipika chathu osadikira kuti timupatse malo.

"Ndiwe kapitawo wa a kumapiri?"

"Ndine."

"Kudambo musalowe ndi nkhwangwa mpaka Seputembala atatha."

"Mwayamba liti ntchito ku ofesi, madala?"

"Si za ofesi. Mwezi umenewo eni dambo amakhala pa ukwati, ndipo safuna alendo."

Ankanena mphalapala, zimene kuno amati losi. Ndinaionapo imodzi ndili m'sitima: yaitali kuposa hatchi, mphuno yolendewera, nyanga zotambalala ngati mafosholo. Ndinaseka ndithu. Ine mwana wa Mikula, amene anakalamba akutsogolera alenje kumapiri kwathu, andiphunzitse za nyama ya nyanga? Iwenso ukudziwa kuti mphongo za nswala za kwathu siziyamba kubangula kufuna zazikazi mpaka tsiku la chikondwerero cha Mtanda ku tchalitchi litayandikira, kumapeto kwa Seputembala. Ife pofika tsiku limenelo tidzakhala titachokako kalekale.

Mawa lake ndinafufuza mwakachetechete. Mkamwini wa Zosima ndiye kapitawo wa gulu la anthu a kuno, ndipo sindikukayika kuti gawo limeneli ankalisirira. Wamva tsopano kumene ukwati wa mphalapala wachokera.

Udzu wa ziweto umwete kachiwiri mvula isanayambe. Chikwakwa changa usabwereketse munthu, ngakhale atabwera ndi wansembe kudzamupemphera. Ukapeza mpata utitumizire tchizi cha nkhosa, nsomba zamchere zatikwana.

Ndine mwamuna wako,
Lukyan


29 Ogasiti 1976

Atamandike Yesu Khristu.

Paraska, moni kwa iwe ndi Vasilina. Tonse tili moyo. Kalata yako yafika Lachisanu pamodzi ndi tchizi, koma phukusi linali lobooka pakona, ndipo sindikhulupirira kuti mbewa za ku positi zimadziwa kumanganso chingwe.

Dzana ndinapita ndi Yurko kudambo kukaika zizindikiro pa mitengo. Tinapeza kuti wina watitsogolera. Timitengo tathyoledwathyoledwa, makungwa asupulidwa, ndipo pakati pa misondodzi pakumbidwa dzenje lalikulu ngati tebulo lathu, matope ake onunkha moti Yurko analavula kanayi. Zonsezi n'zimene mphongo imachita ikayamba kufuna zazikazi, sindikukana. Koma mu Ogasiti? Masamba akali obiriwira? Nanga kubangula kuli kuti? Kwathu nthawi yake ikakwana phiri lonse limanjenjemera, ngakhale Ilko ndi khutu lake limodzi amamva. Kuno kuli zii. Mkulu uja ndi wochenjera, wadzivutitsa ndi fosholo, koma changu chamupweteka: wafulumira ndi mwezi wathunthu.

Chimene chikundidya mumtima ndi mlongo wako. Anapita kukamukonzera Zosima bwato, ndipo kuyambira pamenepo akangoweruka ali komweko, kumwa tiyi ndi kudya mkate wa nsomba. Dzulo anabwerako ndi ulaliki.

"Alamu, mkulu uja akuti za kuno sizibangula. Zimangobuula pansipansi, ndipo zimayamba msanga."

"Akuti. Nanga akanati chiyani, poti dzenje wakumba yekha?"

"Nanga fungo lija, alamu? Munthu angakodze zotero?"

"Simunakhale naye pafupi mokwanira."

Anzathu anaseka, iye sanaseke. Kenako pofuna kumutamanda anaulula yekha kuti pakhoma la Zosima pali lipenga la khungwa la mtengo, limene alenje a kuno amaitanira mphongo. Ndinangoti zikomo alamu, ndasunga.

Ndiye iwe ukulemba kuti ndizimvera anthu a kuno chifukwa nkhalango ndi yawo. Ukufunsanso ngati bwato la mkuluyo linatheka. Za bwato ine sindinakulembere. Ngati Ilko akulembera Yustina, inu n'kumakhala pansi awiri kundizenga mlandu ine kulibe, undiuze poyera. Sindikonda kukhala womaliza kumva nkhani za m'nyumba mwanga.

Mapulamu ayenera kuti apsa. Theka uyanike, otsalawo uthire mu mgolo, koma uutsuke kaye. Petro woyandikana nafe akabweranso ndi nkhani yosuntha mpanda umuuze adikire mwini wake. M'sitolo ya kuno muli nsapato za ubweya zotentha bwino. Umuyeze Vasilina phazi ndi ulusi, ulusiwo uike mu envelopu.

Mwamuna wako,
Lukyan


5 Seputembala 1976

Atamandike Yesu Khristu.

Paraska, ndikhulupirira muli bwino nonse. Ife tili bwino. Chisanu cha m'mawa chapha udzudzu, ndipo kwa nthawi yoyamba ndagona osadzimenya mbama.

Talowa kudambo Lachitatu. Mitengo ikugwa bwino, thirakitala ikulephera kutipeza. Wa ku ofesi atabwera kudzaona anangopukusa mutu n'kunena kuti anthu a kumapiri sitidziwa kukhala pansi.

Masewera a mkulu uja sanathe. M'mawa uliwonse nkhungu isanachoke kumamveka kubuula kuseri kwa dambo, ngati munthu amene m'mimba mwamupotokola. Anzanga amayang'anana. Ine ndimawauza kuti limenelo ndi lipenga la khungwa, ndipo dzulo ndapeza umboni: mapazi a jombo m'matope ndi kachidutswa ka ndudu, pafupi ndi pamene Ilko amasadzira. Mwa ife palibe amene amasuta fodya wopichira m'nyuzipepala. Munthu wamkulu, ndevu pepepe, kumabisala patchire kuopseza anzake ofuna kudyetsa ana.

Lachinayi anabwera poyera, anandipeza ndikunola tcheni cha sowo.

"Kapitawo, poti mwalowa, imva ichi chokha. Sowo sindikuiopera, phokoso lake mphongo imalithawa. Ndikuopera nkhwangwa. Ikamagunda nthambi youma, kwa iyo ndi mphongo inzake ikumenyetsa nyanga patchire, ndipo imabwera kudzamenyana. Kumbuyoko wina azidula, wina aziyang'ana."

"Ndisunge munthu wongoyang'ana? Kuti mwezi utithere tili pakati, mkamwini wanu adzatole zotsala?"

"Mkamwini wanga wakulakwira chiyani?"

"Mukamufunse pa chakudya chamadzulo."

Kenako anati, "Mmodzi mwa a kumbuyowo samva mbali imodzi. Ukudziwa?" Ndinamuuza kuti mlamu wanga ndinamudziwa iye asanamwe naye tiyi. Anavala chipewa n'kumapita.

Waona nzeru zake? Walephera kutiletsa kulowa, tsopano akufuna kutichedwetsa. Ndipo wapeza pomwe pali pofewa, akugwiritsa ntchito Ilko. Sindingadabwe nditamva kuti amulonjeza malo m'gulu la mkamwini chaka chamawa.

Ndasintha pang'ono kagawidwe ka ntchito kuti tifulumire. Ilko sizinamusangalatse, ndipo tinasemphana mawu. Panopa sakundilankhula, koma ntchito akugwira kuposa kale. Zimupita. Akakulembera zodandaula usatengeke nazo, ukumudziwa mmene amasungira kanthu kukhosi.

Ulusi wafika, nsapato ndagula zokulirapo kuti avale zaka ziwiri. Nkhosa zikamatsika kuphiri upite wekha ukaone ngati yathu ya khutu long'ambika ili pomwepo. Abusa a chaka chino sindikuwakhulupirira, chimbalangondo chawo chimangodya nkhosa za anthu amene ali kutali.

Lukyan


12 Seputembala 1976

Atamandike Yesu Khristu.

Paraska, moni. Ine ndili bwino. Ndilemba mwachidule chifukwa wopita ku positi akudikira.

Ilko sabata ino salemba. Wavulala pang'ono kuntchito Lachinayi, ndipo tamutumiza ku chipatala cha ku tauni kuti akamuone bwino, poti kuno kuli namwino yekha. Zotere zimachitika m'nkhalango. Yustina usamuuze mothamanga. Ungoti mwamuna wake akupuma pa bedi la nsalu zoyera, anthu akumubweretsera chakudya.

Umupemphe mapepala a kubadwa a ana onse anayi, unditumizire msanga. Ku ofesi akuwafuna. Ndi mwambo wawo chabe, anthu a mapepala sakhuta.

Mbatatesi za Yustina mukumbe pamodzi ndi zathu. Upitenso kwa Havrilo wa ngolo umuuze kuti amutemere Yustina nkhuni za nyengo yonse yachisanu, ndidzakambirana naye ndikabwera. Usaganize zambiri, ndangoona kuti mwina tingachedwe kubwerera.

Kudambo taima kaye masiku ochepa. Za malata tidzakamba.

Ukapita ku tchalitchi uyatse kandulo. Palibe chifukwa chapadera, papita nthawi tisanayatse.

Lukyan


19 Seputembala 1976

Atamandike Yesu Khristu.

Paraska, telegalamu yako yafika. Moni sunaikemo, koma ine ndikukupatsa, iwe ndi mwana. Wangofunsa kuti ndinene zoona, ali moyo kapena ayi.

Ali moyo. Koma wakuuzani ndani? Ndikumudziwa, ndi Yurko, amene amalembera mkazi wake ngakhale zimene walota. Ndamufunsa, wakana, koma makutu anafiira. Munthu ndinamupezera ntchito ndine, lero akundidutsa kumbuyo.

Poti mwamva kale, ndinena. Inali mphalapala yamphongo. Inamupeza akusadza, inatulukira mbali ya khutu lakufa lija, inamugwetsa ndi nyanga n'kumuponda ndi ziboda zakutsogolo. Nthiti zathyoka, dzanja lamanja, ndi msana. Za msana madokotala akungoti tidikire. Ife tinali patsogolo sowo ikulira, sitinamve kanthu mpaka mfuti italira kawiri.

Tsopano tamvera bwino, chifukwa nkhani ili apa. Mfutiyo inali ya Zosima. Titathamangirako tinamupeza ali kale pomwepo, nyama yathawa, iye wagwada akumangirira Ilko ndi malamba pa mitengo iwiri kuti timunyamule. Nyumba yake ili ulendo wa ola lathunthu. Ankatani kumeneko m'mawa ndi mfuti? Nyama yoti nyengo yake sinakwane ingabwere yokha kudzagunda munthu? Inachita kuitanidwa, ndipo tonse tikulidziwa khoma limene pali lipenga. Ankafuna kutiopseza, zinapyola muyeso, ndiye tsopano akudzionetsa ngati mpulumutsi. Lachisanu kubwera wofufuza za ngozi, ndipo ndimuuza zonsezi popanda kusiyako.

Udzafunsa kuti Stefan, wosadza naye uja, anali kuti. Zimenezo n'zazitali, si za m'kalata.

Ku chipatala ndinapita Lachiwiri. Ndinaima pakhomo la chipinda, ndinaona kuti ali m'tulo, sindinafune kumudzutsa. Maapozi ndinasiya kwa namwino. Namwinoyo anati maso anali otsegula, koma kuchokera pakhomo ine ndinaona otseka.

Yustina asabwere. Ulendo ndi wa masiku atatu, ndipo ana awasiyira ndani? Umuuze kuti ine ndilipo. Ndikudziwa chimene uyankhe, usachite kulemba.

Mwamuna wako,
Lukyan


27 Seputembala 1976

Atamandike Yesu Khristu.

Paraska, moni. Thupi lili bwino. Lero ndi tsiku la Mtanda, sitinagwire nkhwangwa ngakhale ku ofesi sadziwa za masiku otere.

Wofufuza anabwera Lachisanu, koma anayamba wadzera ku chipatala. Ndinamufotokozera za dzenje, za mapazi, za lipenga ndi za mkamwini. Anandilola kumaliza. Kenako anandiuza kuti gulu la mkamwini wa Zosima linapatsidwa gawo la tsidya la mtsinje kuyambira mu Julayi mpaka chaka chitatha, ndipo za kudambo silinapemphepo. Za lipenga anangoti, "Mwezi uno mphongo sifuna lipenga, bambo. Nkhwangwa yakwana." Atatero anatulutsa pepala. Papepalapo Ilko ananena kuti tsiku limenelo anamuuza yekha Stefan kuti apite kutsogolo, anasankha yekha kusadza payekha, ndipo kapitawo sankadziwa. Anasaina ndi dzanja lamanzere. Ine ndinasaina pansi pake, nkhani n'kutsekedwa.

Lero m'mawa Zosima anabwera ku msasa. Ndinaganiza kuti wabwera kudzandilalatira chifukwa chomunenera. Anangoti, "Tenga nkhwangwa, tiye." Ndinamutsatira, koma ndinaonetsetsa kuti mfuti yake ili patsogolo panga njira yonse.

Titafika pamalo paja pamene Ilko anavulalira anandiuza kuti nditeme nthambi youma. Ndinatema. Anati nditemenso, ndimenyetsenso patchire. Tinadikira nthawi yaitali, sikunabwere kanthu koma mbalame.

"Masabata awiri apitawo bwenzi uli pamwamba pa mtengo," anatero. "Tsopano yatopa, yawonda, ikungofuna kudya. Kwanu zimayamba liti?"

"Masiku ano."

"Kwanu nyengo yotentha ndi yaitali. Kuno mwana wa mphalapala ayenera kubadwa mu Meyi, chipale chofewa chikangosungunuka, apeze nthawi yonenepa chisanu chisanabwerenso. Uwerenge miyezi isanu ndi itatu ya bere chobwerera m'mbuyo, ufika pa sabata imene munalowa."

Sindinafune kugonja. Ndinamufunsa maso ndi maso kuti tsiku lija ankatani kuno ndi mfuti.

"Unakana kuika woyang'ana. Ndiye ndinkayang'ana ine, pa chitsa icho, m'mawa uliwonse mpaka dzuwa litakwera."

"Bwanji simunandiuze?"

"Ukanati ndikuba mitengo ndi maso. Lachinayi lija ng'ombe yanga inathyola khola, ndinachedwa ndi theka la ola. Zimenezo ndizinyamula ine. Zako ukuzidziwa."

Ndinapita pa chitsacho. Pansi pake panali tizidutswa ta ndudu tambirimbiri, tonse tonyowa ndi mvula, ndipo udzu unali utafa pamene pankaponda jombo. Ukakhala pamenepo umaona bwinobwino msana wa munthu amene akusadza.

Paraska, kuyambira masana ndakhala ndikufufuza pamene mkuluyu akundinamiza. Ndatembenuza mawu ake mbali zonse, pabodza sindikupapeza. Ndili ndi mantha.

Mapepala a ana afika. Ng'ombe ya Yustina uilowetse m'khola lathu, udzu tili nawo wokwanira ziwiri.

Lukyan


31 Okutobala 1976

Atamandike Yesu Khristu, ngati ndikali woyenera kuyamba ndi mawu amenewa.

Paraska, mwezi wathunthu sunandilembere, ndipo sindikukuimba mlandu. Moni kwa iwe ndi Vasilina. Kuno chipale chofewa chagwa, anzathu anabwerera kale. Ine ndatsala ku tauni, ndikugona m'nyumba ya mlongo wa a Zosima pafupi ndi chipatala. Anandipezera malowa ndi iwo, ine amene ndinawanenera kwa wofufuza.

Madokotala asiya kunena kuti tidikire. Nthiti ndi dzanja zapola. Miyendo Ilko saimva, ndipo sadzayendanso.

Pepala limene ndinasaina lija ndi labodza. Stefan sanachotsedwe ndi Ilko. Ndinamuchotsa ndine pa 3 Seputembala, tsiku lotsatira a Zosima atandichenjeza, kuti azikamangirira mitengo ku thirakitala. Ndinachita dala, kuti mkuluyo aone kuti sindiopsezedwa. Ilko anandipeza anthu onse ali pomwepo.

"Alamu, mundisiyire Stefan mpaka pa 20 pokha. Mbali iyi sindimva."

"Mwabwera kudzadula mitengo kapena kudzaleredwa? Ngati mukuopa ng'ombe ya m'tchire nenani, ndikukwezeni sitima mukamuthandize Yustina kutola mazira."

Anthu anaseka. Iye anatenga nkhwangwa n'kupita, ndipo anasadza yekha masiku onse mpaka Lachinayi lija. Ndi zimene ndinakulembera kuti ndasintha pang'ono kagawidwe ka ntchito.

M'chipinda chake ndinalowa patatha masabata atatu ndikungothera pakhomo. Wawonda, ndevu zachita imvi. Atandiona anati, "Mwabwera, alamu. Maapozi anu ndinadya, ngakhale ankabwera okha."

Ndinagwada mbali ya khutu labwino. "Munanamiranji kwa wofufuza?"

"Akanakumangani."

"Zikanandiyenera."

"Zikanakuyenerani, inde. Koma inu muli m'ndende, udzu wa ng'ombe yanga amweta ndani? Ana anga awaveka ndani? Azindinyamula ndani kupita nane kuchimbudzi, Yustina ndi kamsana kake kaja? Musaganize kuti ndakukhululukirani, alamu. Mwina zidzabwera, sindikudziwa. Panopa ndikungofuna miyendo, ndipo imene ilipo ndi yanu."

Ndinalira pamaso pa odwala onse. Iye anadikira kuti ndimalize, kenako anati ndimutembenuze chifukwa phewa lachita dzanzi. Kuyambira tsikulo namwino wandiphunzitsa kumutembenuza, kumusambitsa ndi kumunyamula osamupweteka. Akuti ndili ndi manja abwino. Ilko akuti manja anali abwino kuyambira kale, vuto linali makutu, ndipo wogontha mwa awirife si iye.

Pa pepala ndilibe mlandu, ndipo Ilko sadzauza munthu. Koma amene ndinalumbira kwa iye ndiwe. Ndinamutenga wathunthu, ndikumubweza chonchi, ndipo sindingaloze nyama, kapena mkulu uja, kapena Yurko. Uchite nazo zimene ukuona. Ngati ukufuna kuti Yustina adziwe, usamuwerengere kalatayi, ndidzamuuza ndekha ndi pakamwa panga.

Sitima yathu ifika Loweruka pa 13 Novembala m'mawa. Ubwere ndi ngolo ya Havrilo, basi singatheke. Uyalemo udzu wambiri ndi zofunda ziwiri, chifukwa sangakhale tsonga nthawi yaitali. Ana asabwere. Sitima imaima mphindi zitatu zokha pa siteshoni yathu, ndiye ndidzatsika naye kumsana. Ukadzationa usadzavutike kundipatsa moni. Udzangogwira miyendo yake kuti isagunde masitepe.

Lukyan